Tsitsani Bokosi

Ndinabwerera kwathu ku Mhuju kuchokera kunja mutu utachita imvi. Mitengo ya ubwana wanga anaiotcha makala, chipinda chimene ndinkabisalamo ndi mabuku akusungiramo feteleza. Chimene ndinachipeza chonenepabe ndi mwambo wa maliro. Ife mtembo timaulemekeza kuposa munthu wopuma.

Tinali pa maliro a msuweni wathu. Achimwene anga a Overton, mkulu wa mpingo, ndiwo ankawerenga mbiri ya malemu. Mphepo ya Juni yochokera ku Nyika inkalasa mafupa, koma iwo thukuta lili kamukamu. Ankasisita pachifuwa, kenako mkono wamanzere, kenako nsagwada. Mawu ankatuluka modukaduka ngati akukwera phiri.

Ndinakoka akazi awo, a Judy. "Alamu, zayamba liti?"

"Chilungulira chabe. Nyemba zadzulo. Ndawamwetsa soda."

"Chilungulira chimatsikira mumkono? Chimakwera nsagwada? Uwu ndi mtima, magazi sakudutsa. Sudikira nyimbo ithe."

"Yewo, adokotala," anandinyodola. "Mwabwera nazo zakunja."

Galimoto pamalopo inali imodzi, pikapu ya Fiskani, mnansi wathu, ndipo bokosi anali atalikweza kale, nkhata pamwamba. Kwathu galimoto ikanyamula maliro sipatuka mpaka akwirire.

"Tsitsani bokosi!" ndinakuwa.

Khamu lonse linanditembenukira. Fiskani anayang'ana akuluakulu. Mmodzi wa iwo anati, "Amama, manda ali pafupi chomene. Tiike kaye."

"Ngati ali pafupi, mapewa muli nawo. Makolo anu ankanyamulira pikapu? Uyu wapita kale, sakufulumira. Kapena mukufuna mukumbe awiri?"

Achimwene anatukula chala kuti andikalipire, koma mpweya unawathera. Anakhala pansi pafumbi, suti ndi Baibulo lomwe. Apo m'pamene amuna anatsitsa bokosi, akung'ung'udza.

Njira yonse ya ku Boma ndinawagwirira mutu achimwene m'pikapumo, iwo akunong'ona, "Lena, wandichititsa manyazi. Mbiri sindinamalize."

Kuchipatala anati mtima wavulala ndithu, tikanadzera kumanda sitikanafika nawo amoyo.

Ali moyo. Amamwa mankhwala, amayenda pang'onopang'ono, ndipo sandilankhula. Akuti ndinanyoza maliro pamaso pa anthu. Akulu ampingo anatumiza uthenga kuti ndikapepese kwa anamfedwa. Akudikirabe.