Ulusi Wofiira wa NyaMzembe

Bambo Stewart anagwedezanso loko, ngati kuti lokoyo achita manyazi n'kudzitsekula yekha.

"Millicent, kiyi."

"Kiyi ndili naye, koma sinditsekula."

Mayi ake a Millicent, Eliness NyaMzembe, anali ataikidwa m'manda dzulo lake. M'mawa umenewo abale ochokera ku Rumphi anayala mikeka pabwalo la nyumba ya ku Zingwangwa kuti agawane katundu wa malemu monga mwa mwambo, minibasi ya hayala isanawabweze kwawo. Madilesi, mapoto ndi makina osokera zinali zitatuluka kale. Chinatsala ndi chipinda chakumapeto, momwe munkakhala mabuku a Eston Mzumara.

Eston, bambo ake a Millicent, anali mphunzitsi amene ankalankhula poyera m'zaka zimene anthu ankanong'onezana ngakhale m'nyumba zawo zomwe. Anthu a galimoto yopanda nambala anadzamutenga pamene Millicent anali akadali kumsana, ndipo anakafera m'ndende. Masiku ano dzina lake limatchulidwa mwaulemu pamisonkhano, ndipo amene amakhala pampando wakutsogolo atamanga tayi ndi mng'ono wake Stewart, yemwe m'masiku ovutawo ankawoloka msewu akaona mlamu wake akubwera.

Anthu a galimoto aja atabweranso kudzatenga mabuku, anapeza mashelufu opanda kanthu. NyaMzembe anali atawamwaza kale m'makomo mwa anzawo. Ena anatuluka m'dengu la ufa, ena anaberekedwa kumsana pamodzi ndi mwana. Eston sankalemba dzina m'buku, chifukwa dzina linkatha kumangitsa munthu. Chizindikiro chake chinali ulusi wofiira umene mkazi wake ankasoka kumsana kwa buku lililonse, n'kumanga mfundo ziwiri m'munsi.

Zinthu zitasintha m'dziko, mabuku sanabwerere onse. Osunga ena anamwalira, ena anasamuka, ana awo anagulitsa, chiswe nachonso chinadya gawo lake. Millicent atakula n'kuyamba ntchito ya mulaibulale, anathera utsikana wake wonse akuwasaka. Anagwada kwa mavenda a m'mbali mwa msewu ku Limbe, anafukula masutikesi a anthu akufa ku Chemusa, ndipo lina analipeza ku Nancholi likuchirikiza mwendo wa bedi. Lililonse analilembera khadi: kumene analipeza, amene analisunga, ndi masamba osowa. Nkhope ya bambo ake sankaikumbukira. Anawadziwira m'mizere ya pensulo imene ankadula pansi pa mawu owakhudza. Mashelufu atadzaza, anagula loko wamkulu, ndipo ngakhale mayi ake ankalowamo mochita kupempha.

Bambo Stewart anafotokoza ndi mawu ofewa a pamaliro kuti mabuku ndi katundu ngati wina aliyense. Nyumba iliyonse ya mtundu wawo ilandira angapo kuti ikhale ndi chokumbukira, ndipo otsalawo mnzawo wina wa loji anali atalonjeza kuwaika pamalo olandirira alendo, pansi pa chithunzi cha Eston. Millicent anamva mtima ukuwira, ndipo sanaubise.

"Gawanani mapoto, gawanani makina, ngakhale malata a padengawa zulani. Koma mabukuwa anabalalika kamodzi, ndipo inu simunatoleko ngakhale tsamba limodzi. Sabalalikanso ine ndili moyo."

"Ukuyankhula ndi bambo ako, iwe."

"Bambo anga ali m'chipindamu. Inu ndinu aang'ono chabe."

Azimayi a pamkeka anaweramitsa mitu, wina n'kutsokomola chifuwa chimene analibe. Bambo Stewart anaitanitsa nyundo. Millicent anaima pakhomo atatambasula manja, mpaka azakhali awiri anachita kumukoka, akumuchonderera kuti asachititse manyazi mzimu wa mayi ake. Loko uja anagwa pansi, chitseko chinatseguka.

M'chipindamo munalibe buku ngakhale limodzi. Pamashelufu panangotsala fumbi, ndipo pakona panali bokosi la makadi lokha. Millicent ankakhala ku Machinjiri, ndipo chiyambire mayi ake kugonekedwa m'chipatala, chipindacho sanachitsekule. Anatembenukira bambo aang'onowo n'kuwatchula akuba pamaso pa onse. Iwo anabweza kuti wakuba ndi amene anali ndi kiyi. Mawu anakwera mpaka odutsa mumsewu anayamba kuchepetsa liwiro.

Pamenepo m'pamene mayi Petronela anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje. Anali mayi wachikulire wa kuseri kwa mpanda, mwana wa anthu ochokera ku Mozambiki, mnzawo wa malemu chiyambire utsikana.

"Musanamizirane kuba pamaliro. Mabuku ali kwa obwereka."

"Obwereka ake ati?" anafunsa bambo Stewart.

"Zingwangwa yonseyi. Malemu anawabwereketsa okha asanapite kuchipatala, paja mlamu wawo ankamudziwa. Ngati mukuwafuna, yambani kugogoda khomo ndi khomo. Anzanu a galimoto ija anagogodaponso kale, tinawapatsa madzi akumwa n'kumapita."

Bambo Stewart anafuna mayina. Mayi Petronela anadandaula kuti ukalamba ndi woipa, mayina onse anali atawathawa m'mutu. Bambo Stewart anafunsanso azimayi ena a m'deralo amene anagona pamalirowo, koma matenda a kuiwalawo anali atagwira onse. Tsono chinthu chimene sichinafike pamkeka angachigawe bwanji? Dalaivala anayamba kuliza hutala. Abale anakweza makina osokera padenga la minibasi, ndipo bambo Stewart anakwera kutsogolo osatsanzika, tayi itapotokera paphewa.

Pabwalo patazizira, Millicent anakhala pakhonde, akuseka uku misozi ikutsika. Anafunsa mayi Petronela m'mene mayi ake analowera m'chipindamo, ndipo anauzidwa kuti kiyi wachiwiri anamubisa yekha m'kabati ya mbale, malo amene mayi ake ankawapukuta tsiku lililonse. Millicent anati mawa ayamba kuzungulira m'makomo ndi makadi ake, ndipo agula loko wina wolimba kuposa uja.

Mayi Petronela anamasula chitenje m'chiuno n'kutulutsa buku laling'ono la chikuto chobiriwira. Linali lija la pansi pa bedi la ku Nancholi.

"Ili lili ndi ine, koma sindinamalize. Mayi ako anati mabukuwa adzabwera akawerengedwa, ndipo akabwera asadzapeze loko. Anati Eston anakiyiridwa kokwanira."

Mawuwo anamulasa Millicent kuposa onse a bambo aang'ono aja. Anachita manyazi. Anatenga bukulo n'kulitembenuza monga ankachitira nthawi zonse. Ulusi wakale unalipo, wofuwirira ndi wothothoka. Pambali pake panadutsa wina watsopano, wofiira bwino, wosokedwa mokhotakhota ndi manja amene m'masiku omaliza ankalephera kugwira kapu ya tiyi. M'munsi munali mfundo ziwiri.

Millicent anayendetsa chala pamfundozo pang'onopang'ono. Kenako anagwada n'kubweza bukulo kwa mayi Petronela ndi manja awiri.