Mashelefu Asanu ndi Atatu a Bambo

"Dokotala uja ananena iwe uli pomwepo: matenda amenewa sayamba dzulo."

"Ndinamva."

"Ndiye nesi wathunthu, nyumba imodzi ndi wodwala zaka ziwiri, osaona kanthu? Yunifolomu ija ndi yojambulitsira zithunzi?"

Amene ankakalipayo anali mwana woyamba, yemwe pakhomopo ankangomutchula kuti Injiniya. Mlongo wake, Nesi, anali atagwada pakati pa makatoni m'chipinda chowerengera cha bambo awo, omwe anali ataikidwa m'manda masiku asanu apitawo. Nyumbayo inali ya koleji kumene malemuwo anaphunzitsa mabuku a ku Ulaya zaka makumi atatu, ndipo koleji inkaifuna mwezi usanathe. Injiniya anali atakonza kale zonse ngati mmene amakonzera milatho. Mabuku adzawatenga 3 koloko munthu wopera mapepala n'kupangira mathireyi a mazira. Amayi adzawatenga iyeyo mawa, akakhale kwake, kutali ndi mwana amene analephera kuona.

"Achimwene, ndinawaona akuwonda," anatero Nesi. "Ndinawakakamiza mpaka anapita kukayezetsa. Anabwera akuseka, amvekere ndi mpweya wa m'mimba chabe."

"Pepala la kuchipatala unaliona?"

"Anati aliika pabwino."

"Pabwino! Madirowa onse ndatsegula. Muli zolembera zakufa ndi mabatani. Sanapiteko kuchipatala, ndipo iwe sunawatumeko."

Amayi anaima pakhomo, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Anali telala, ndipo ngakhale makina awo anali atamangidwa kale zingwe, tepiyo sanaivule.

"Bambo anu sankataya pepala," anatero. "Ngakhale tikiti ya basi."

Nesi anakweza maso. Mashelefu asanu ndi atatu anadzaza khoma lonse, kuyambira kudenga mpaka pansi, ndipo iliyonse inali ndi kapepala kolembedwa pamanja. Loweruka lililonse kuyambira ali mwana, iye ndi amene ankapukuta fumbi pamenepo, bambo ali pambuyo kumuphunzitsa phunziro limene sanapemphe. Anasolola buku pa shelefu yachiwiri, ya *Zaka Zapakati*, n'kuligwedeza. Munagwa kansalu kobiriwira kosungira tsamba, kenako makadi awiri a ubatizo.

"Mwaona?" anatero. "Zaka zapakati: ankhondo a pa akavalo, maulendo opita kumalo oyera, moyo wonse ngati msewu wopita kumwamba. Ubatizo wathu anauika pamenepa. Bambo sankasunga mapepala m'madirowa. Ankawasunga m'nyengo."

"Tiyambe kugwedeza mabuku chikwi chifukwa cha nthabwala za munthu wakufa?"

"Sitigwedeza onse. Tingoganiza ngati iwowo."

Injiniya anayang'ana wotchi. Inali itangodutsa wani koloko.

"Galimoto ikaimba hutala, ndikukweza," anatero. "Upeze usapeze."

Nesi anayamba ndi shelefu yachisanu ndi chimodzi, ya *Zenizeni*. Pamenepo panali mabuku onenepa aja amene bambo ankati mulibe milungu kapena zimphona, muli anthu wamba, maukwati, malo, cholowa ndi madokotala a m'tauni. Matenda akanayenera kukhala pamenepo. Buku lililonse linkagwetsa kansalu, kena kamaluwa, kena kamizeremizere. Munatuluka kalata ya nyumba, kalata yolembedwa ntchito, ndiponso mtchatho wa ukwati.

Amayi anautola mtchathowo n'kuutembenuza.

"Ukwati wanga anaugoneka pamodzi ndi kalata ya nyumba?"

Amayi anaupinda n'kukhala pa katoni.

Pa shelefu yachinayi, *Nyengo ya Nzeru*, ya anthu amene ankakhulupirira kuti kuganiza bwino kungachiritse dziko ndipo ankalemba nkhani zonyogodola opusa, munali makalata khumi ndi awiri odandaulira a zamadzi. Pa shelefu yachitatu, *Kubadwanso*, pamene munthu anadziika pakati pa dziko n'kuyamba kudzitama m'masewero ndi m'ndakatulo za mizere khumi ndi inayi, munagwa chithunzi cha Injiniya atavala mwinjiro wa kuyunivesite.

"Akudziwani bwino," anatero Nesi.

"Fulumira, iwe."

Koma Injiniya nayenso anali atayamba kugwedeza, mwaukali, akumakankhira tinsalu tija pakona ndi nsapato. Anali pa shelefu yachisanu, *Nyengo ya Mtima*, ya olemba ndakatulo olirira mapiri ndi mphepo, okonda kuthawa kwawo n'kumafa ali anyamata. Mwadzidzidzi anasiya. M'manja mwake munali kalata yong'ambidwa m'kope la kusukulu.

"N'chiyani chimenecho?"

"Palibe."

Nesi anasuzumira. Inali kalata imene mchimwene wakeyo anasiya patebulo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, yonena kuti wachoka ndipo asamufunefune. Anabwerera tsiku lomwelo, njala itamupweteka. M'mphepete mwake bambo analembamo ndi pensulo: *Mtima wochuluka, mipumiro yochepa.*

Injiniya anaiika m'thumba.

Hafu pasiti 2 inawapeza pa mashelefu a m'munsi. *Zamakono* zinali za pambuyo pa nkhondo yaikulu, nkhani zodukaduka, munthu akulankhula yekha m'mutu mwake, osadziwa ngati mawa lili ndi tanthauzo. Nesi anali ndi chikhulupiriro chonse kuti thupi lowonongeka lili pamenepo. Munali mapu a misewu ndi chitsimikizo cha wailesi imene inafa kalekale. Pa shelefu yomaliza, ya nkhani zimene zimadziseka zokha n'kumasewera ndi owerenga, munali envulopu yolembedwa kuti *Zofunika Kwambiri*. Mkati munalibe kanthu.

Injiniya anaseka kuseka kopanda mano.

"Basi. Wasewera mokwanira. Amayi, chikwama chanu chikhale chokonzeka m'mawa."

"Mwandifunsa ine?" anatero amayi motsitsa.

"Sindikusiyani m'manja mwa munthu amene..."

Kunja kunalira hutala. Wamapepala anali atafika nthawi isanakwane.

Nesi anakhala pansi pakati pa mabuku. Anali atalakwitsa penapake. Makadi a ubatizo, kalata yothawa ija: bambo sankaona chimene pepala likunena, ankaona mtundu wa nkhani imene munthu walowamo. Nanga munthu amene wauzidwa mathero ake nkhani isanafike pakati, n'kupitiriza kudzuka m'mawa, kumanga tayi, kupita kukaphunzitsa, ali m'nkhani ya mtundu wanji?

Anakumbukira mawu a Loweruka lina, iye ali pa mpando ndi kansanza m'manja. *Agiriki sankabisa mathero, mwana wanga. Ankakuuza poyambirira penipeni kuti munthuyu agwa. Chimene umapitira kukaonera ndi mmene ayendere popita kukagwako.*

"Achimwene, ndigwirireni mpando."

"Galimoto yafika."

"Ndigwirireni mpando!"

Hutala inaliranso. Injiniya anatukwana chapansipansi, koma anaugwira.

Shelefu yoyamba inali kudenga: *Agiriki ndi Aroma*, ndakatulo zazitali za ankhondo ndi masewero a tsoka. Fumbi linali paliponse kupatula pa kabuku kamodzi kopyapyala. Nesi anakagwedeza. Munagwa kansalu koyera, kenako pepala lopindidwa kanayi, limene linatera pa nsapato ya Injiniya.

Analitola ndi iyeyo. Linali la kuchipatala, la zaka ziwiri zapitazo. Dzina la matendawo linalembedwa poyera, ndipo dokotala anawonjeza kuti afalikira kale, opaleshoni singathandize. M'mphepete munali pensulo ija. Injiniya anawerenga mokweza.

"*Nesi wanga anaona bwino. Khumi pa khumi.*" Anaima kaye. "*M'masewero akale oonera amadziwa, wosewera sadziwa. Ine ndatembenuza. Oonera anga adye, agone.*"

Nesi anatsika pa mpando. Ankayembekeza kuti mtima wake upepuka, koma unali ngati mwala wotentha.

"Zaka ziwiri," anatero. "Ndikuwaphikira tiyi wa mpweya wa m'mimba."

Injiniya anamupatsa pepalalo ndi manja awiri, monga mmene amaperekera chinthu kwa munthu wamkulu.

"Mchemwali," anatero. Aka kanali koyamba sabata yonseyo kumutchula choncho. Anatembenukira kwa amayi. "Zokhala kuti, munena nokha."

Anatuluka. Kudzera pawindo Nesi anamumva akuuza wamapepala kuti mazira apeze pogona pena.

Atabwerera anapeza Nesi akusonkhanitsa tinsalu tija pakona, mulu wofika m'akakolo. Kobiriwira kanali ka yunifolomu ya kupulayimale. Kamaluwa kanali ka makatani akale a pabalaza. Koyera, kamene kanagona ndi pepala la kuchipatala, kanali ndi zingwe zonyezimira za diresi la ukwati. Tonse tinali totsala pansi pa makina osokera, totoledwa kamodzikamodzi kwa zaka makumi atatu, ndipo panalibe shelefu ngakhale imodzi imene sitinatulukemo. Injiniya anagwada n'kuyamba kupukuta ndi chala timene anatiponda.

Amayi sanaone zimenezo. Maso awo anali pa khoma la mabuku, mtchatho uli pamiyendo, tepi ikulendewera m'khosi.

"Iwe Injiniya anakuika kwa odzitama," anatero. "Nesiyu anamupatsa khumi pa khumi. Ngakhale a zamadzi ali ndi shelefu yawo. Nanga ine anandiika pati?"