Ifekiti Imene Mthunzi Anabisa

Gitala ya Mthunzi siinali yothyoka, koma mawu ake anali owuma ngati waya wa mpanda. Akamamva pa wailesi anyamata a rumba a ku Zaire akuliza zawo, mawu akuyandama ngati munthu akuitana pakati pa mapiri, mtima wake unkawawa. Ankadziwa kuti chinsinsi chawo chinali kabokosi kamagetsi kosintha mawu a gitala, kamene oimba ankangoti ifekiti. Ku Madzimoyo kunalibe ndi mmodzi yemwe amene anali nako.

M'chaka cha 1998 Mthunzi anali woliza gitala m'bandi ya achinyamata imene ankatsogolera Paison. Bandiyo inkaimba m'midzi yopanda magetsi, choncho ampu yawo, bokosi lokuza mawu lija, ankaiyendetsa ndi batire la galimoto. Ampuyo inali imodzi yokha, ndipo Paison ankaisamala ngati khanda.

Chaka chimenecho Dailes, mwana wamkulu wa a Jere, ankakwatiwa. A Jere ankafuna kuitana disiko ya m'tauni yokhala ndi jenereta, koma mwana wawo wachiwiri, Nomsa, anawapempha kuti aitane bandi ya Paison. Bamboyo ankadziwa bwino chifukwa chake. Anauza mwana wawoyo kuti anyamata a magitala ndi anthu a maloto, osadziwa kusunga banja, koma Nomsa analimbikira kuti Mthunzi ndi wosiyana nawo. Potsiriza a Jere anavomera, n'kunena kuti akaona mmene mnyamatayo adzayendetsere tsiku la ukwati, m'pamene adzadziwe ngati angalandire ankhoswe a kwawo odzafunsira Nomsa.

Mthunzi atamva zimenezi, tulo tinamuthawa. Anali atapeka nyimbo yoimbira Nomsa, ndipo m'maganizo mwake ankaona tsikulo ngati loto: iye ataimirira pansi pa mitengo ya mango, gitala ikulira mawu amene Madzimoyo sinamvepo, a Jere atatsegula pakamwa, Nomsa akupukuta misozi. Anatsimikiza mtima kukagula ifekiti, osauza munthu aliyense kumudziko. Atangogulitsa thonje lake, anakwera basi ya ku Chipata.

Pa msika wa Kapata panali Lemmy, mnzake wa ku sekondale, amene ankagulitsa makaseti ndi katundu wobwera ndi madalaivala a ku Joni. Lemmy anamulowetsa kuseri kwa okala yake n'kutulutsa maifekiti awiri. Ina inali yaing'ono, yakuda, yosaoneka bwino, yokhala ndi zopondapo ziwiri. Inayo inali yaitali ngati mkono, yokhala ndi kagalasi koonetsa manambala ofiira ndi zopondapo zambiri zonyezimira. Lemmy analumikiza yaikuluyo ku magetsi a pakhoma, anamuveka Mthunzi zomvera m'makutu, n'kumupatsa gitala yakale imene inali pa okalapo.

Mthunzi anakhudza chingwe chimodzi chokha. Mawu anatuluka, anabwerera, anabwereranso, kenaka anasungunuka pang'onopang'ono ngati nkhungu ya m'mawa. Tsitsi linamuimirira.

"Iyi ndi ya dijito, boyi," anatero Lemmy. "Mawu ali m'menemu sungawamalize mpaka ukalamba. Mudala Jere adzakupatsa Nomsa ndi ng'ombe pamwamba."

Akuseka choncho, pa okalapo panafika a Veronika Banda, aphunzitsi awo akale a sayansi, amene ankalizanso kiyibodi ku parishi ya m'tauni. Anabwera kudzagula kaseti, koma ataona zimene anyamatawo ankachita, anaika chikwama pansi. Anafunsa Mthunzi kumene amaimba, ndipo iye anayankha kuti m'midzi. Anamufunsa kumene magetsi amawatenga, iye n'kunena za batire la galimoto. Pamenepo aphunzitsiwo anatembenuza ifekiti yaikulu ija n'kumulozera timalemba ta kumbuyo kwake.

"Werenga apa, Mthunzi. Ichi chimadya magetsi a mphamvu ya mavoti naini, ndipo chimawalandira kudzera m'kabokosi kakeka, adaputa, kuchokera pakhoma. Ku Madzimoyo khoma lamagetsi ukalipeza kuti?"

Lemmy analowererapo msanga. Anati zimenezo n'zosavuta, munthu umangodula waya wa adaputa n'kumangirira ku batire, chifukwa magetsi ndi magetsi basi.

"Iwe Lemmy, phunziro limeneli unkagona pa benchi yakumbuyo, ndipo ndikuona kuti sunadzukebe," anatero a Veronika, osaseka. "Batire la galimoto limatulutsa mavoti thwelofu. Ndipo mawayawo akasemphana, chimapsa nthawi yomweyo, mwinanso n'kuwononga chilichonse chimene walumikizako."

Anatenga ifekiti yaing'ono ija, anatsegula pansi pake, n'kumuonetsa malo a mabatire ang'onoang'ono onga a wailesi, amene amapezeka pa golosale iliyonse. Anamufotokozera kuti woliza rumba ndi kalindula safuna mawu ambirimbiri, koma ochepa omveka bwino: obwereza aja, ndi ena onenepetsa gitala pang'ono, ndipo kakang'onoko kanali nawo onse. Anamuchenjezanso kuti zomvera m'makutu zimanamiza, chifukwa chinthu chokoma m'khutu chikhoza kusokosa pa sipika. Malangizo awo anali akuti abwerere kumudzi, akatenge gitala yake, ampu ya bandi ndi Paison yemwe, adzayese zonse ziwiri asanasankhe.

Mthunzi anayang'ana pansi. Kubwera ndi ampu kunali kuuza Paison, ndipo Paison sankabisa kanthu kwa mkazi wake, amene ankaimba kwaya imodzi ndi Nomsa. Anathokoza aphunzitsiwo mwaulemu n'kunena kuti aganizira. Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona zimene zinali m'mutu mwake, kenaka anatenga kaseti yawo n'kumapita.

Atangokhota pa ngodya, Lemmy anatsitsa mawu. Anati aphunzitsi amaopa chilichonse chimene sichili m'buku, ndiponso kuti woimba wina wa ku Katete abwera madzulo omwewo kudzatenga yaikuluyo. Anamufunsa ngati akufunadi kukaima pamaso pa a Jere ndi kachinthu konga sopo. Manambala ofiira aja ankaphethira pa tebulo. Thonje lonse la chaka chimenecho linathera pomwepo, pa yaikuluyo.

Kumudzi, Mthunzi anakulunga ifekitiyo m'chitenje cha amayi ake n'kuikwirira pansi pa mtedza m'nkhokwe. Kuiyesa kunali kosatheka, popeza batire linkakhala kwa Paison. Masana anthu akapita ku dimba, ankakwera m'nkhokwemo, kuivundukula, n'kumayang'ana kagalasi kake kakuda. Ankapondaponda zopondapo ndi dzanja, koma chinthucho chinkangokhala chete. Mawu a aphunzitsi aja ankamubwerera, iye n'kumawathamangitsa.

Lamlungu lina akuchokera ku Misa, Nomsa anamufunsa chimene chinkamudya, popeza anali ataonda ndipo ankayankha zosagwirizana ndi funso. Anamukumbutsa kuti iye anaika mutu wake pamaso pa atate ake chifukwa cha iyeyo, ndipo ngati pali vuto anene nthawi ikadalipo. Mthunzi anatsala pang'ono kuulula. Koma anaganiza za nkhope ya Nomsa pa tsiku lija, mmene idzawalire podabwa, ndipo anangomwetulira n'kunena kuti adikire adzaona.

Tsiku la ukwati linafika ndi dzuwa la mwezi wa Seputembala. Pabwalo la a Jere panadzaza anthu a ku Madzimoyo, a ku Kapata, ena ochokera kutali ku Chipangali. Bandi inakonza zida zake pansi pa mango, ndipo Paison atayesa ampu, inalira bwinobwino. Dongosolo linali lakuti akwati akamafika pachipata kuchokera ku tchalitchi, gitala ya Mthunzi ndiyo iyambe, operekeza akwati alowe akuvina.

Paison atapita kukalankhula ndi woyendetsa mwambo, Mthunzi anagwada kuseri kwa sipika n'kumasula chitenje. Analumikiza gitala ku ifekiti, ifekiti ku ampu. Kenaka anatulutsa kampeni n'kudula waya wa adaputa. M'katimo munali timawaya tiwiri, kena kokhala ndi kamzere koyera, kena kopanda. Lemmy sananene kuti kati kapite mbali iti ya batire.

Kumsewu kunamveka nthungululu ndi hutala ya galimoto. Mthunzi anayang'ana timawaya tija. Akanatha kusiya pomwepo. Akanatha kuzula ifekitiyo, kulumikiza gitala yake mmene ankachitira masiku onse, ndipo palibe akanadziwa kanthu. Anagwira waya wa gitala kuti azule. Nthawi yomweyo anaona Nomsa pachipata, ali patsogolo pa operekeza akwati, atavala diresi yobiriwira, maso ake akumufunafuna pakati pa anthu.

Anasiya waya wa gitala. Anasankha kawaya kokhala ndi kamzere koyera n'kukagunditsa mbali imodzi ya batire, kanzake mbali inayo.

Manambala ofiira anayaka kamodzi kokha. Kenaka panathetheka moto wabuluu, sipika inalira ngati mfuti, ana n'kubalalika. Kautsi koyera kanatuluka m'mbali mwa ifekiti, ndipo fungo la pulasitiki wopsa linafalikira pansi pa mango. Kagetsi kobiriwira ka pa ampu kanali katazima.

Paison anafika akuthamanga. Anayang'ana mawaya odulidwa, anayang'ana chinthu chachilendocho, anayang'ana Mthunzi. Anatsegula kumbuyo kwa ampu ndi mpeni womwewo, ananunkhiza, n'kukhala pansi pa dothi manja ali kumutu.

Pachipata akwati anali ataima. Operekeza anali atakweza kale phazi kudikira nyimbo, ndipo bwalo lonse linatembenukira ku bandi. Mthunzi analiza gitala yake ndi mphamvu zonse, koma popanda ampu inkangomveka ngati udzudzu. Wina kumbuyo anaseka. Dailes, mkwatibwi, anaweramitsa mutu pansi pa nsalu yake yoyera. Kudikirako kunatalika mpaka mayi wina wachikulire wa m'kwaya anayamba kuwomba m'manja n'kutsogolera nyimbo. Amayi ena anavomera, wina anathamangira ng'oma, ndipo akwati analowa. Nomsa anadutsa pafupi ndi mango akuvina mmene anaphunzirira, koma sanacheuke.

Anthu atayamba kudya, a Jere anabwera okha. Anaima nthawi ndithu akuyang'ana ifekiti yopsayo, kenaka anafunsa kuti n'chiyani. Mthunzi anagwada n'kufotokoza zonse. Bamboyo anafunsa ngati anali ataiyesapo tsikulo lisanafike, iye anati ayi. Anafunsa ngati mwini ampu ankadziwa, iye anati ayi. Anafunsanso ngati panalibe munthu womuchenjeza. Mthunzi anavomera kuti analipo.

"Chinthu kuwonongeka si mlandu, mnyamata iwe," anatero a Jere motsitsa. "Koma iwe unauzidwa, unabisa, n'kudzayesera pa ukwati wa mwana wanga ndi katundu wa mnzako. Ukawauze akwanu asavutike kubwera. Chaka chino ayi."

Anabwerera kwa alendo awo akuyenda pang'onopang'ono.

Dzuwa litapendeka, Mthunzi anapeza Nomsa kuseri kwa nyumba akutsuka mbale za alendo, diresi yobiriwira ija ataiphimba ndi chitenje. Anayamba kumufotokozera za nyimbo imene anapeka, za mawu oyandama, za mmene ankafunira kumudabwitsa. Nomsa anapitiriza kutsuka mpaka iye atamaliza.

"Ine ndinauza atate kuti ndimakudziwa," anatero. "Madzulo ano akandifunsa, ndiyankha chiyani? Ndinakufunsa tikuchokera ku Misa, iwe n'kundimwetulira."

"Ndinkafuna kuti gitala ilire zokuyenera iwe."

"Ndani anakuuza kuti siinkandiyenera? Ine ndinakukonda ikulira momwemo."

Mthunzi anafunsa, mawu ali pansi, ngati adzamudikira mpaka chaka chamawa. Nomsa anataya madzi a m'beseni, anapukuta manja, n'kunena kuti sakudziwa. Anati chimene akudziwa n'chakuti Paison ali yekha pansi pa mango ndi ampu yakufa, ndipo bandi yonse yakhala yopanda mawu nyengo ya maukwati itangoyamba kumene.

"Yambira kumeneko," anatero, n'kunyamula mbale kulowa nazo m'nyumba.

Mthunzi anaima pang'ono akuyang'ana chitseko, koma sichinatsegukenso. Anabwerera ku mango. Paison sanamuyang'ane, koma pamene Mthunzi anawerama n'kugwira mbali ina ya ampu, sanamuletse. Anainyamula awiri, akudutsa kumbuyo kwa bwalo, ng'oma za amayi zikulirabe.

Phunziro: Posankha chida chamagetsi monga ifekiti, yambani mwadzifunsa kumene mukachigwiritse ntchito ndi magetsi amene ali kumeneko. Werengani zolembedwa kumbuyo kwake, chiyeseni ndi gitala ndi ampu yanu, ndipo mverani wodziwa koposa wogulitsa amene akukufulumizitsani. Musayesere chinthu chatsopano pa tsiku lalikulu, ndipo musabise zimene zikhoza kupweteka anthu amene akukudalirani.