Chikoti cha Agogo Namakhwa

Mlamu wanga Filimoni Namakhwa sabata imeneyo sankagona. Mkulu wanga, yemwe ndi mkazi wake, ankadandaula kuti munthuyo akungotembenuka pabedi n'kumayankhula yekha ngati ali m'kalasi. Uphunzitsi anapuma kalekale, koma pakamwa sipanapume ayi.

Chomwe chinamusowetsa tulo ndi dzina la sukulu. Kwathu kuno ku Thyolo, kumunsi kwa minda ya tiyi, tinaumba njerwa tokha n'kumanga sukulu ya pulayimale pamalo amene kale anali a esiteti. Filimoni ankafuna itchedwe Chipewa, dzina limene makolo athu anapatsa mzungu mwini esitetiyo. Ankati azungu timangowanyoza, koma msewu anabweretsa ndani, nanga chipatala, nanga choko ndi bolodi? Wolimbana naye anali Mayi Esinala Mulipa, wapampando wa komiti ya sukulu, mayi wosadziwa kunong'ona. Iwo ankati mzunguyo analanda dziko kwa eni ake n'kuwauza kuti pogona azilipira ndi thukuta, ndiye thangata ameneyo, ndipo wokana ankamutenthera nyumba. Ankalumbira kuti mdzukulu wawo sadzavala yunifolomu yolembedwa dzina la munthu wotero.

Msonkhano womaliza unali Loweruka madzulo, ndipo mlamu wangayo anakonza zokawathera mawu. M'nyumba mwake munali chikoti cha chikopa cha mvuu, cha malemu agogo ake a Namakhwa, amene anali kapitao pa esitetipo. Pomwalira, agogowo anapempha kuti awaike nacho m'manda. Koma abale pogawana katundu wa malemu anaona kuti n'chinthu chokongola, basi n'kuchisunga. Filimoni ankachipaka mafuta a nsatsi chaka ndi chaka. Tsopano ankafuna akachikweze m'mwamba pamaso pa anthu, aone chimene chinkasunga mwambo kalelo anthu akugwira ntchito, osati ulesi wa masiku ano. Ine ndinamuuza kuti mlamu, mutu wanuwu ukaunikidwe kuchipatala cha azungu anu chomwecho. Anangondiseka.

Loweruka masana dzuwa linali lowamba. Atadya anakhala pampando wa ndalema pakhonde, chikoti pamiyendo, kuti abwereze mawu ake. Tulo ta sabata yonse tinamugwera pomwepo. Zimene anaona anadzandiuza yekha pambuyo pake.

Akuti loto lake linayamba ndi fungo, la udzu wa denga ukuyaka ndi chimanga chikupserera m'nkhokwe. Kenako anapezeka ataima pabwalo la dothi lofiira, wopanda nsapato, atavala kabudula wa kapitao. Anthu anali atakhala pansi mozungulira, zii, popanda ngakhale wotsokomola. Pakhonde la nyumba ya njerwa panali mzungu wachipewa chachikulu, akusuta kaliwo, osayang'anako n'komwe. Pamtengo wa bulugama anali atamangirirapo mayi wapakati, manja atakumbatira thunthu, chingwe chitadya m'mikono. Mlandu wake unali wosamaliza ndime yolima.

Chikoti chinali m'dzanja la Filimoni. Anafuna kuchitaya, zala zinakana. Mkono unadzuka wokha. Chikoti chinalira m'mwamba n'kutera pamsana, khungu linang'ambika ngati nsalu yakale, magazi otentha n'kumuwaza kumaso. Mkono unadzukanso. Anakuwa kuti basi, basi, koma mawu osatuluka. Mayiyo poyamba ankalira, kenako anasiya, n'kumangoluma khungwa la mtengo mpaka mano kulowa. Ndiye magazi ena anayamba kutsika m'miyendo mwake, ambiri, akuda, nthaka n'kumawamwa. Amayi amene anakhala pansi aja anadziphimba kumaso ndi nsalu. Mzungu uja anagogoda kaliwo wake pakhoma n'kulowa m'nyumba.

Apo m'pamene anamva munthu akupuma pambali pake. Anali agogo ake, ataonda, dzanja lamanja litatupa, litada bii, likuchucha.

"Filimoni, mkono umenewo ndi wanga," anatero motsitsa. "Iye ankalamula ali pamthunzi, womenya ndinali ine. Ndinkaopa kuti ndikakana amanga ine. Ndinapempha kuti mundiike nacho, inu mukuchipaka mafuta."

Filimoni anafunsa kuti mayiyo ndi ndani.

"Mdzukulu wake ndi amene ukukangana nayeyo. Ukakachikweza pamaso pake, dzanja ili likhala lako."

Anadzidzimuka atagwa pampando, malaya atanyoweratu. Mkulu wanga akuti anamupeza kuseri akusukusula mobwerezabwereza, akufunsa ngati magazi achoka kumaso.

Madzulo anthu anadzaza m'kalasi, ena n'kumasuzumira pamawindo. Filimoni analowa chikoti atachikulunga m'chitenje cha mkazi wake, ndipo ine mtima unali m'mwamba, poti zamalotozo ndinali ndisanazimve. Atamupatsa mpata woyankhula sanapite kutsogolo. Analunjika pomwe anakhala Mayi Esinala n'kugwada, bambo wa imvi zake, thalauza losita bwino lili pafumbi. Anamasula chitenje chija. Ananena kuti msewu ndi chipatala sakuzikana, koma dzina la Chipewa walisiya, sadzalitchulanso. Kenako ananena zimene m'banja mwawo palibe anazinenapo, kuti amene anamenya agogo a Mayi Esinala mpaka kupita padera ndi agogo ake a iyeyo, ndipo chikoti chake ndi chimenechi.

M'kalasimo munavuta. Amuna ena a kwa Mulipa anadzuka, mmodzi atatola kale chibanthu cha njerwa, akuti amuphwanye mutu pomwepo. Mayi Esinala anawabweza ndi dzanja lokha. Anachiyang'ana chikoticho nthawi yaitali, osachikhudza. Ine ndinalira, sindibisa. Ndinamukwiyira mlamu wanga chifukwa cha mafuta onse aja, komanso anandimvetsa chisoni atagwada chomwecho.

"Ife timadziwa, aphunzitsi," anatero mayiwo. "Agogo atakalamba ndinkawasambitsa ndine, msana wawo ndimaudziwa. Timangodikira kuti kwanuko wina adzanene ndi pakamwa pake."

Anamuuza kuti kukacha atenge khasu, akachikwirire pamanda a agogo ake monga anapemphera eni ake, ndipo iwo apita nawo kuti akaone ndi maso dothi likubwerera. Filimoni anavomera, mutu uli pansi. Akukulunga chitenje chija anafunsa, mawu ongomveka kwa ife apafupi, ngati azamba anaona kuti mwanayo anali wotani.

"Anali mwamuna," anatero Mayi Esinala. "Akanakhala amalume anga."