Kabokosi Kuseri kwa Firiji

Gudumu anakaona asanavule n'komwe nsapato. Kuseri kwa firiji, pamene kale panali soketi yong'aluka, panali kabokosi koyera kokhala ndi timagetsi titatu. Kobiriwira kanali koyaka, kakumuyang'ana ngati diso la mphaka.

Anakhala masabata asanu pamsewu ndi thiraki. Malire, fumbi, mizere ya magalimoto yosatha. Munthu woyendayenda amaloweza nyumba yake ngati nyimbo. Akabwerera, khutu limagwira msanga pamene nyimboyo yasintha.

"Ichi n'chiyani?"

"Takulandirani kaye, bambo," anatero mkazi wake, akumulandira chikwama. "Ndi gadi ameneyo. Amateteza firiji magetsi akabwera mwaukali. Mutangochoka muja anabwera ngati ng'ombe yolusa. Nyumba zinayi mumzere uno zinapsa zinthu. Ife Mulungu anangotipenya."

"Waika ndani?"

"A Mawaya."

A Mawaya. Wamagetsi wa nyumba yakumapeto. Wamtali, wosakwatira, woseka ndi mano onse. Munthu amene akamadutsa pampopi, amayi amaiwala kuti ndowa zadzadza.

Gudumu anayenda m'nyumba yake ngati wapolisi. Pabalaza, kuseri kwa tivi, anapeza thabwa la masoketi asanu lokhomeredwa kukhoma, nalonso lili ndi kamagetsi kake. Ntchito yaudongo. Waya aliyense wagona m'malo mwake. Anakankha chitseko cha kuchipinda. Linanso. Pafupi ndi bedi, mbali imene amagona mkazi wake. Pansi pake panatsala timadontho ta fumbi la khoma limene tsache linaphonya.

"Mpaka kuchipinda?"

"Foni sipsa kodi?"

"Ntchito yonseyi anati mum'patse chiyani?"

"Zipangizo tinagula tokha. Zamanja anakana. Anati ndife aneba."

Aneba. Galu wamkota sakandira pachabe.

Amayi a Gudumu anali pakhonde lakuseri, miyendo ili pampando wina, akudzipepesa ndi chikuto cha kalendala. Chaka chachitatu tsopano akukhala nawo chifukwa cha matenda a shuga. Timabotolo ta jakisoni wawo tinkakhala m'chitseko cha firiji, pamwamba pa mazira.

"Wabwera ndi nkhope ngati watafuna mankhwala a malungo," anatero. "Kapena akulanda thiraki?"

"Amayi, tsiku limene anabwera wamagetsi uja, inu munali kuti?"

"Ndinagona. Kodi unandilemba ulonda?"

"Anatha nthawi yaitali bwanji?"

"Ndati ndinagona. Ukufuna ndikuuze zimene ndinalota?"

Chakudya chamadzulo chinamukomera, koma sananene. Mkazi wake ankafotokoza za mtengo wa mafuta ophikira, za denga lodontha pakona. Iye ankangoyang'ana milomo. Mawu onse ankamveka ngati okonzedweratu.

M'mawa mwake mkaziyo anapita kumsika. Dzuwa linakwera msanga, malata n'kuyamba kulira. Cha m'ma leveni magetsi anathima. Gudumu anakhala kukhitchini pa mpando wopanda chotsamira, iye ndi kabokosi kaja atayang'anizana.

Patapita maola awiri, babu linayaka. Wailesi ya nyumba yoyandikana inayamba kukuwa pakati pa nyimbo. Ana panja anafuula kuti abwera, abwera. Koma firiji inali zii. Pakabokosi panayaka kachikasu.

Anadikira. Mphindi imodzi. Ziwiri. Anaika khutu pambali pa firiji. Palibe.

Pamenepo china chake chinamuwira m'chifuwa, ndipo sichinali mkwiyo. Chinali chimwemwe, chija choipa chimene munthu amamva akapeza umboni wa chinthu chimene chimupha. Magetsi alipo, firiji sikulira. Ndiye kuti kabokosiko n'kachabe. Chidole. Chifukwa chongolowera m'nyumba ya mwini.

Anatenga sikuludiraiva m'chikwama chake cha zitsulo. Anazula pulagi ya firiji m'kabokosimo, n'kumasula kabokosiko kukhoma mpaka pulasitala anagwa. Analowetsa firiji m'soketi ina mwachindunji. Nthawi yomweyo inayamba kung'ung'udza.

"Amayi!" anakuwa. "Mukumva? Firiji yanga ikulira popanda a Mawaya!"

"Ndiye tikuombere m'manja?" anayankha ali pakhonde pomwepo.

Mkazi wake analowa ndi thumba la masamba. Anaona kabokosi patebulo. Anaona dzenje pakhoma. Thumba linagwa pansi, matimati n'kugubuduka.

"Mwatani, bambo?"

"Ndachotsa chinyengo. Magetsi abwera kalekale, chinthu chanu chachibwenzichi chinangoti tong'o."

"Amadikira dala! Mphindi zisanu, kuti aone ngati magetsi akhazikika. Zulani msanga, masiku ano akumabwera kawi..."

Babu linazilala ngati khala lothera. Kenako linawala. Kuwala koyera, kowawa m'maso. Phwa! Timagalasi tinamwazika patebulo. Firiji inabuula ngati munthu womenyedwa m'mimba, inanjenjemera kamodzi, n'kukhala chete. Fungo la waya wopsa linadzadza m'khitchini.

Pabalaza thabwa la masoketi linangoti tswi, n'kudzithimitsa lokha. Tivi inapulumuka. Foni ya kuchipinda inapulumuka.

Panja wina ankatukwana magetsi ndi makolo ake omwe.

"Mwati chinthu changa chachiyani?" anafunsa mkaziyo. Mawu ake anali otsika.

Gudumu anayang'ana pansi, pamene panali tomato wosweka.

"Bwerezani. Apongozi amve."

"Mwamuna amalowa kuchipinda kwanga ine kulibe. Ntchito yaulere. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?"

"Ine ndili kale m'malo amenewo. Masabata asanu. Nthawi zina asanu ndi awiri. Ndinakufunsanipo kumene mumagona? Mukati muli pamalire, ine ndimati ali pamalire. Si kuti ndilibe mutu woganizira, bambo. Ndimangosankha."

Amayi a Gudumu anafika pakhomo la khitchini atagwira chitseko. Nthabwala zinali zitawathera.

"Inu kanganani bwino," anatero. "Koma mankhwala anga akatentha ndi dzuwa ili, asanduka madzi. Akuchipatala anati ena ndikatenge mwezi ukatha."

Mkaziyo anatsegula firiji. Mpweya wozizira wotsala unatuluka n'kumwazika. Anatenga timabotolo tinayi, anatikulunga m'kansalu konyowa, n'kuika m'kabakuli ka pulasitiki.

"Mumzere uno firiji yamoyo yatsala imodzi," anatero. "Mukuidziwa."

Anamupatsira kabakuliko.

"Pitani nokha. Ine ndikapita muwerenga mphindi."

Nyumba yakumapeto sinali kutali. Zitseko zisanu ndi chimodzi basi. Gudumu anayendapo misewu yodutsa m'mayiko atatu osatopa, koma apa ankangokwekwereza mapazi. Amayi awiri pampopi anamulonjera. Anayankha ndi mutu. Ankaona ngati akudziwa. Ankaona ngati aliyense akudziwa china chake, kupatula iye.

Anapeza a Mawaya pakhonde, ataphwasula ayironi pa nyuzipepala, tizitsulo tili m'chivundikiro cha botolo.

"Aa, a Gudumu! Mwabwera liti, achimwene? Msewu wakubwezani wamoyo?"

"Dzulo. Ndikupempha malo m'firiji. Mankhwala a amayi."

A Mawaya anadzuka msanga, akupukuta manja pa thalauza. Analandira kabakuli ndi manja awiri, analowa, ndipo Gudumu anamva chitseko cha firiji chikutseguka n'kutsekeka. Anasuzumira. Mpando umodzi, mabokosi a mawaya, malaya pachingwe. Maso ake anafufuza okha, osatumidwa. Mpango. Ndolo. Chilichonse. Sanapeze kanthu, ndipo sanadziwe ngati akondwe.

"Koma yanu yatani?" anafunsa a Mawaya potuluka. "Gadi uja ndi wamphamvu. Sangalole."

"Yapsa."

"Gadi ali pomwepo?"

"Ndinam'chotsa."

"Anavuta?"

"Ayi."

"Nanga?"

Gudumu anayang'ana ayironi yophwasulidwa ija. A Mawaya anamuyang'ana iye. Kuseka kwa mano onse kuja kunatsekeka pang'onopang'ono, ngati geti la fakitale.

"Oo," anatero.

Anakhalanso pansi. Anatola kachitsulo, anakazunguza m'zala.

"Mankhwala akhale mpaka mudzapeze pena. Amayi alibe mlandu. Koma muzibwera nokha kudzatenga, m'mawa ndi madzulo. Alamu asadzafike pano. Ine kwanu sindidzapondanso." Anaweramira ntchito yake. "Safunsa anadya phula, achimwene. Inu mwadya firiji."

Pobwerera dzuwa linali pamutu. Gudumu anaganiza za mawu aja. Munthu wosalakwa angayankhule choncho. Wolakwa wochenjera nayenso angayankhule choncho. Panalibe mlonda woti am'funse, panalibe chidindo ngati cha pamalire. Lolemba thiraki linkayenera kunyamukanso, ndipo nyumba idzatsala mmene imatsalira, yotseka chitseko, iye ali kutali.

Anapeza firiji ili yasa. Nyama, mkaka ndi mazira zili patebulo. Ayezi wa m'kati ankasungunuka, madzi akuyenderera pasimenti mpaka pansi pa kabati. Mkazi wake ankakolopa. Sanatukule mutu.

"Alandira," anatero Gudumu.

Mopu inapita, inabwera.

"Ndiimbira abwana. Ulendo wa Lolemba apatse wina."

"Kuti mundilondere?"

"Kuti ndizikatenga jakisoni wa amayi."

Mopu inaima pang'ono, n'kupitirizanso.

Gudumu anavula nsapato pakhomo. Anaponda m'madzi ozizirawo, anafika pamene panali mkaziyo, n'kugwira mpini wa mopu, m'munsi pang'ono mwa dzanja lake.

Mkaziyo sanausiye. Koma sanaukokenso.

Anaima choncho awiriwo, mpini umodzi, madzi akuwazungulira m'mapazi.