Ng'oma ya NyaLuhanga

A Manasseh Harawa anayenda masiku awiri kuchokera ku Mwazisi kukafika ku Dar es Salaam. Anakwera matola mpaka pa Bolero, maminibasi mpaka pa Songwe, kenako chibasi cha ku Tanzania chimene chinawatupitsa mapazi. Ankalondola ng'oma yawo yaikulu ya vimbuza. Mwana wawo Hezron anaibwereka zaka zitatu zapitazo, ati kwa mwezi umodzi wokha, pamene ankayambitsa bandi yake kumeneko.

Kumudzi anasiya mkazi wawo, Kezia NyaLuhanga, ali chigonere pamphasa. Kuchipatala anamuyeza osapeza kanthu. Anayesa kumuimbira ndi ng'oma zobwereka, koma mzimu wake sunkatuluka, chifukwa unazolowera liwu limodzi, la ng'oma imene a Harawa anasema okha chaka chimene awiriwo anakwatirana. Ng'oma yomweyo inawaimitsa pa mgonero kutchalitchi kawiri konse, iwo osaitaya.

M'mawa wa Lamulungu kwa Hezron, tiyi asanazizire, a Harawa anaiyamba nkhani ya ng'omayo.

"Adada, zimenezo tikambirana," anatero Hezron. "Mwafika dzulo dzuloli. Muone kaye tawuni."

Anawaveka malaya atsopano a maluwamaluwa, n'kuwakweza kanjinga ka miyendo itatu kamene kankalowa pakati pa mabasi ngati khoswe. Anayambira kumsika wa nsomba, kumene kunali zinsomba zazikulu ngati mbuzi ndi zina za miyendo isanu ndi itatu zimene munthu wa ku Mwazisi sangazipatse ngakhale galu. Anaoloka pa pantoni, anthu ndi magalimoto pamodzi, ndipo Hezron anawalozera zombo zimene ati zimabweretsa feteleza wa ku Malawi. A Harawa anayankha kuti ndiye feteleza ameneyo amasochera panjira, poti ku Mwazisi safika. Tsidya linalo anatunga madzi a m'nyanja ndi dzanja, kulawa, n'kulavula. Madzi onsewo, osatha kuthirira ngakhale bedi limodzi la fodya.

Akangoti atchule ng'oma, Hezron ankapeza choti aloze, kaya nyumba yaitali, kaya tchalitchi cha Ajeremani. Anawagulira madzi a kokonati, chipisi chokazingira mazira ndi nsapato za mphira. Mwana ameneyu chichokere kumudzi sanawatumizirepo ngakhale sopo, ndipo a Harawa ankalandira chilichonse ndi yewo wouma, uku akumuyang'ana m'maso. Ankadziwa kuti akuwatseka pakamwa. Chimene sankadziwa n'chakuti akubisa chiyani. Mwina anaigulitsa. Mwina inang'aluka.

Cha m'ma folo koloko anafika pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene bandi ya Hezron inkaimba. Panali azungu ofiira ndi dzuwa, amwenye, ndi mabwana a komweko ndi akazi awo. Hezron anawakhazika a Harawa kutsogolo ndi botolo la soda. Bandi inayamba ndi nyimbo za Chiswahili, magitala ndi malipenga, anthu n'kumavina pamchenga. Mumtima a Harawa anavomera kuti mwanayo manja ali nawo, ndipo anadziwa kumene anawatenga.

Kenako Hezron analankhula Chingerezi pa chimkuzamawu. A Harawa anatolapo mawu awiri okha, Malawi ndi vimbuza. Oimba awiri anatulutsa ng'oma n'kuikhazika pa chitsulo. Inali yomweyo, anaizindikira ndi chipsera cha nkhwangwa cha kumunsi, ngakhale anali ataipaka utoto wofiira ndi wachikasu. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ilipo.

Panatulukira mtsikana wovala siketi ya zikopa ndi mabelu m'miyendo. Hezron anayamba kuimba, ndipo a Harawa anaika botolo pansi. Inali nyimbo ya NyaLuhanga, imene mzimu wake unabwera nayo wokha tsiku loyamba kumugwira. Kumudzi palibe ankaiimba ngakhale polima.

Mtsikanayo anavina, mapewa akunjenjemera, ng'oma ikukwera. Mwadzidzidzi anagwa chagada, maso atatembenuka, miyendo ikupalapata. Apo Hezron anamenya katatu mwamphamvu n'kusiya, manja m'mwamba. Anthu anaomba m'manja.

A Harawa anaimba vimbuza zaka makumi anayi, ndipo lamulo loyamba limene anaphunzitsa Hezron linali lakuti munthu akagwa, ng'oma siidulidwa. Umaitsitsa pang'onopang'ono mpaka mzimu unene dzina lake n'kuchoka. Ukaidula, mzimuwo umatsalira m'chifuwa. Anaonapo mayi wina wa ku Mhuju amene anakhala chaka chathunthu osalankhula chifukwa woimba anathamangira mowa. Tsopano mwana wa eni ake anali gone pamatabwa, popanda womugwira mutu kapena womubweretsera madzi, anthu akungomujambula.

A Harawa anakwera pansanjapo ndi nsapato zawo zatsopano, kumukankha Hezron ndi chigongono, n'kuigwira ng'oma.

Dzanja litangogwera pachikopa anamva kuti zinthu zasintha. Phula limene ankamata pakati kuti liwu litsike linali litapalidwa. M'malo mwa zikhomo za mtengo munali mabawuti, ndipo chikopa chinali gwa ngati mbale. Inkalira mokweza koma mopanda m'mimba. Anaimbabe. Anayamba pamene Hezron analekezera, n'kumatsitsa, akufunsa m'Chitumbuka kuti wabwerayo ndani, akufuna chiyani, amusiye mwanayu. Thukuta linanyowetsa malaya a maluwa aja. Oimba magitala anayang'anizana, kenako mmodzi anayamba kuwatsatira pansipansi.

Mtsikanayo anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana Hezron. Hezron anamugwedezera mutu. Iye anagubuduka kawiri, kudzuka mwaulemu, kugwira dzanja la a Harawa n'kulikweza m'mwamba, akuseka. Anthu onse anaimirira. Mzungu wina wamkazi ankapukuta misozi.

Kuseri kwa nsanja anamupeza mtsikanayo akuvula mabelu, akumwa soda. Ananena zina m'Chiswahili, anzake n'kufa nazo. Hezron anamasulira kuti ati mdalayo akanapitiriza, iye akanagona tulo pomwepo, ndipo msana ukumuwawa. Mwini hotela naye anabwera, kuwagwira a Harawa paphewa ngati anzake, n'kunena kuti akuwafuna Lamulungu lililonse, koma azivala zikopa.

Atachoka, a Harawa anafunsa kuti mtsikanayo anayamba liti kudwala.

"Sadwala, adada. Ndi ntchito. Amagwa Lachisanu ndi Lamulungu."

"Pa nyimbo ya amayi ako."

"Ndi imene alendo amaikonda chomene. Zinazi savina nazo."

"Amayi akowo ali pamphasa mwezi wachitatu uno. Sakudya. Ndabwerera ng'oma, Hezron, sindinabwerere nsomba."

Anali atakonzeka kukangana. Ulendo wonse m'basi ankakonza mawu, mpaka oti akakana asadzapondenso ku Mwazisi. Koma Hezron anangoti aitenge. Ati anauza kale mmisiri wa komweko kuti amupangire ina yopepuka, ifika Lachitatu, poti iyi imathyola msana poinyamula. Vuto linali la lero lokha, chifukwa alendo anali atalonjezedwa vimbuza. Anawonjezera kuti amama awatengerenso kuchipatala, mwina ndi shuga.

Ndiye pantoni ija, kokonati ndi nsapato, zonse zinali zoti tsiku lifike folo koloko.

M'mawa mwake anali pa depoti, ng'oma ili m'thumba la chimanga pakati pa miyendo yawo. Anakana kuti ikwere pamwamba ndi katundu. Chikopa sichinkawadetsa nkhawa. Mabawuti angazule, chikopa china angapeze pa Bolero, utoto angapale ndi galasi. Koma kwa zaka zitatu ng'omayi inkaitana mzimu wa NyaLuhanga kawiri pa sabata, mzimuwo n'kumafika kudzapeza azungu akudya nkhanu ndi mtsikana wonamizira. Ngakhale munthu, ukamuitana chotero amaleka kubwera. Ndipo dzulo amene anaitana motalika kuposa onse anali iwo eni.

Hezron anawapatsira foni. Anali Amock, mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, amene anapita nayo foni yake pamphasa ya wodwalayo. Liwu la NyaLuhanga linali laling'ono ngati la mwana.

"A Harawa, mwaipeza?"

"Ndaipeza. Ndili nayo pano."

"Mwanayo anaisunga bwino?"

A Harawa anayang'ana Hezron, amene anali kalikiliki kukambirana ndi kondakitala za mpando wa pawindo.

"Anaisunga bwino chomene," anatero. "Uyesetse kumwa phala. Loweruka tikuimbira."

Anabweza foni, kunyamula thumba lija okha, n'kukwera basi.