Mpunga Wofiira wa Tekraj

Ljerka Vidaković anaima kutsogolo kwa kalendala yake, kalata ya Tekraj ili m'manja, manyazi atamugwira. Kalendalayo ndi imene ankadzitama nayo monga mayi woyang'anira nyumba yochapira nsalu za mahotela mumzinda wa Osijek. Inali ndi Khirisimasi ya Akatolika, Khirisimasi ina ya Radovan, bambo wachikulire wa mpingo wa Chiorthodox woyendetsa makina, ndiponso chikondwerero cha Bajramu cha Senada, Msilamu wosita. Wina akapuma, anzake ankamugwirira ntchito.

Koma wogwirira onsewo anali Tekraj, bambo wa ku Nepal, zaka ziwiri zathunthu osadandaula. Tsiku lake pakalendalapo panalibe, ndipo Ljerka, ndi nzeru zake zonsezo, anali asanafunsepo. Tsopano kalata inkati akusamukira kumzinda waukulu wa Zagreb, kumene kuli anthu akwawo.

Ljerka sanafune kumutaya. Atafufuza anapeza kuti chikondwerero chawo cha Dasain chigwa Lachinayi. Anamulembera tchuthi, nauza Radovan kuti agwire ntchito ya anthu awiri. Mkuluyo anadandaula za msana, monga mwa masiku onse, koma anavomera.

Lachinayi m'mawa anangoona Tekraj watulukira, atavala malaya oyera, mbale ili m'manja. Ljerka anaganiza kuti munthuyo wakana mphatso yake.

"Ndinati upume, Tekraj. Kapena ndachedwa nazo?"

"Ndipume ndi ndani, mayi? Ndi khoma?"

Anafotokoza modekha kuti kwawo tsikuli si logona. Munthu amapita kwa akuluakulu, iwo n'kumumata mpunga wofiira pamphumi pomudalitsa. Chaka chatha anadzimata yekha akudziyang'ana pagalasi, kenaka anapukuta n'kubwera kuntchito.

Atazindikira kuti m'mbale muja muli mpungawo, Ljerka anagwira kamtanda ka m'khosi mwake. Abambo mfumu akamva adzati chiyani? Nanga mawu oyenera awatenga kuti? Senada ndiye anamugunda ndi chigongono.

"Achemwali, mwalera ana atatu inu. Kudalitsa munthu mukufunanso sukulu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Ljerka anatapa mpunga wonyowawo, naumata pamphumi pa Tekraj. Ananena mawu omwe amauza ana ake akamapita kutali, kuti Mulungu amusunge, ndipo azivala zofunda. Radovan anaumirira kuti mkulu weniweni panopa ndi iye, namata wake mokhota, pang'onong'ono kumuthira m'diso. Senada anaseka mpaka kutsamira tebulo lositira.

Tekraj anawerama, nakhala choncho kanthawi ndithu. Ljerka ankafunitsitsa kufunsa za ku Zagreb, koma ankaopa yankho.

"Mayi," anatero Tekraj akudzutsa mutu, "tsikuli limayendera mwezi, ndiye limasinthasintha. Chaka chamawa ndidzakuuzani nthawi ikadalipo."

Ljerka anangogwedeza mutu, atazindikira kuti Tekraj sachokanso. Anabwerera kumakina zala zili psuu, ndipo mpaka masana sanalole kugwira nsalu yoyera ngakhale imodzi, pokana kusamba m'manja.